Mayi atupa nkhope ndi prednisolone, kodi ndiwasiyitse?

Ndalandira imelo yomwe yandikhudza moti ndasiya kaye zina zonse. Achemwali ena alemba kuti mayi awo akhala akumwa prednisolone, mapiritsi ochepetsa kutupa ndi ululu m'thupi, kwa miyezi chifukwa cha nyamakazi, pano nkhope yatupa, usiku sakugona, ndiye akufuna angowasiyitsa mawa lomwe. Achemwali chonde musatero.

Azakhali anga ankamwa dexamethasone, wa gulu lomwelo la prednisolone, wogula pa golosale chifukwa cha maondo. Palibe dokotala anawalembera, mnzawo wa kutchalitchi anangowauza kuti amathandiza, ndipo zoonadi maondo anasiya kupweteka, nsima imalowa, masaya kudzadza anthu nkumati koma mayi mwanenepa bwino. Koma khungu la m'mikono linapyapyala, kungogunda chitseko pang'ono pamatsala banga lakuda. Ndalama zitawathera anangosiya, ndiye pasanapite masiku ambiri anafookeratu osatha kudzuka pamphasa, kusanza, chizungulire, BP itatsikiratu, tinachita kuwanyamula kupita nawo kuchipatala. Kumeneko ndi komwe anatifotokozera kuti pamwamba pa impso pali tiziwalo topanga cortisol, amene amathandiza kuti BP ndi shuga zikhale m'malo mwake, ndiye ukamwa mapiritsiwa kupitirira masabata 3 tiziwaloto timachepetsa ntchito poti mapiritsi akugwira kale. Ukasiya mwadzidzidzi thupi limatsala lopanda cortisol wokwanira ndipo munthu atha kumwalira.

Ine zimandipweteka mtima kuti mapiritsi oterewa akugulitsidwa ngati maswiti popanda kalata ya dokotala, ndipo wogulitsa wotere akulakwa basi, ndilibe mawu ena. Atsikana ena akumamwa dala kuti anenepe, akufuna mahipi, pomwe mafuta ake amathamangira kumaso, kumimba ndi kumbuyo kwa khosi, miyendo nkumawonda, mafupa akufooka mkati, shuga ndi BP zikukwera. Komanso kuno kwathu TB ili ponseponse, mankhwalawa amatsitsa chitetezo cha m'thupi ndipo amabisa zizindikiro, munthu atha kudwala kwambiri thupi osatentha nkomwe. Sindikunena kuti ndi oipa ayi, wodwala mphumu chifuwa chikabanika amapulumuka ndi prednisolone yemweyu wa masiku 5, koma pafunika wachipatala wotsatira.

Ndiye zoti muchite achemwali

Pitani nawo mayi kwa amene anawalembera sabata ino, mutenge buku la kuchipatala ndi mapiritsi onse omwe akumwa, mukanene za nkhope ndi tulo. Dokotala ndi amene adzachepetse mulingo pang'onopang'ono ngati nkoyenera, ndipo mupemphe awayeze shuga ndi BP. Pakali pano azimwa m'mawa atadya, kumwa madzulo kumawonjezera vuto la tulo. Asaphatikize ndi brufen kapena diclofenac popanda kufunsa, zilonda za m'mimba zimayambira pamenepo, ndipo chimbudzi chikada bii kapena asanza magazi thamangani osadikira kuti kuche. Ngati ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB munene, ena amasokonezana ndi prednisolone. Atalikirane ndi wodwala katsabola kapena mashingozi makamaka ngati sanadwalepo katsabola, ndipo katemera aliyense afunse kaye. Akayamba kukhosomola kosatha, kusokonezeka mutu kapena kusanza mpaka piritsi osakhala m'mimba, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukauze namwino kuti akumwa prednisolone.