Za kalinki ka komishoni kaja, achimwene

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwangoyamba kumene kugulitsa katundu kwa anthu a m'mayiko ena kudzera pa eBay, msika wa pa intaneti uja, ndipo pulogalamu imene mumaikira katundu pamsika yakupatsani linki, akuti mukakopa anzanu n'kulembetsa mudzalandira kangachepe. Mukufuna kudziwa mmene zimayendera, komanso ngati munthu angamadyerepo. Ine linki zoterezi ndagawapo zingapo. Zina zinandipatsa ya sopo, imodzi inatsala pang'ono kundidanitsa ndi mnzanga wapamtima.

Choyamba mumvetse chimene mapulogalamuwa anabwerera. eBay anaiyambitsa ndi Pierre Omidyar mu 1995, pa nthawiyo ikutchedwa AuctionWeb. Pa okushoni yake umaika katundu kwa tsiku 1, masiku 3, 5, 7 kapena 10, anthu n'kumapikisana mitengo, ndipo amene watchula mtengo waukulu nthawi ikamatha ndiye watenga. Ukakhala ndi zinthu zisanu umachita zonse pamanja. Koma zikafika 200, kujambula, kulemba mafotokozedwe, kuwerenga zotsala, kubwezera pamsika zomwe sizinagulidwe, tulo umaiwala. Ifeyo ogulitsa kunja tilinso ndi vuto lina: okushoni iyenera kutha ogula ali maso, madzulo a kwawoko, pomwe mwina iwe uli mtulo tofa nato. Ndiye panabwera makampani monga Auctiva, Vendio ndi inkFrog oti azikuikira katundu pa ola limene wasankha, komanso Terapeak yoonetsa mitengo imene zinthu zinagulidwira m'mbuyomu.

Ambiri mwa makampani otere amadya pa ndalama imene wogulitsa amalipira mwezi ndi mwezi. Kutsatsa malonda kumawadyera ndalama zambiri, pomwe wogulitsa amakhulupirira msanga mawu a wogulitsa mnzake. N'chifukwa chake amaona kuti bola akugawireko iwe. Nzeruyi si yachilendo ayi. PayPal, kampani yotumizira ndalama pa intaneti, itangoyamba inkapatsa anthu madola chifukwa chongotsegula akaunti ndi kubweretsa anzawo. Dropbox inkapatsa malo owonjezera osungira mafayilo, 500 MB pa munthu aliyense amene wabwera naye. Onani kusiyana kwake: wina ankapereka ndalama, wina ankapereka katundu wake yemwe. Pa linki yanuyo funso loyamba ndi lomwelo.

Linkiyo ili ndi nambala yanu kumapeto. Mnzanu akaidina, mu foni kapena kompyuta yake mumatsala kachizindikiro kotchedwa cookie, konena kuti munthuyu wabwera ndi uje. Akalembetsa kachizindikiroko kasanathe mphamvu, dzina lake limalembedwa kwa inu. Akadina pa foni koma n'kukalembetsa pa laputopu, kapena akadina linki ya munthu wina pambuyo pa yanu, nthawi zambiri mwaluza basi, ndipo palibe wokamudandaulira. Makampani ena amapereka kakodi koti munthu alembe yekha polembetsa. Imeneyo ndiye ndimaikonda, chifukwa siisochera.

Tsopano pa malipiro, apa ndi pamene muyenera kuwerenga timalemba ting'onoting'ono tija. Ena amalipira kamodzi kokha. Ena amakupatsani gawo la zimene mnzanuyo akulipira mwezi uliwonse, mwina kwa chaka, mwina mpaka atasiya. Ena sapereka ndalama n'komwe, amangokuchotserani pa bilu yanu ya mwezi wamawa, kutanthauza kuti tsiku limene mudzasiye pulogalamuyo zonse mwasonkhanitsa zidzathera pomwepo. Masiku oyeserera aulere aja sawerengedwa. Mnzanu ayambe walipira, kenako amadikiranso milungu ingapo kuopa kuti angapemphe kubwezeredwa ndalama. Ndiye pali malire oti ndalama zifike kaye pakutipakuti asanakutumizireni. Ineyo ndili ndi timadola tomwe tinangokhala pa akaunti ya kampani ina chaka chathunthu, ndikutiona pa sikirini, koma osakwana malire, mpaka kampaniyo inasintha malamulo n'kutifufuta. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mufunsenso njira yolandirira. Ambiri amatumiza pa PayPal, ndipo m'mayiko ena PayPal imalola kulipira kokha, osati kulandira. Ena amadzera pa Payoneer, kampani inanso yotumizira ndalama, yomwenso eBay imagwiritsa ntchito polipira ogulitsa a m'mayiko ambiri. Kampani ikakhala ya ku America idzakupemphani fomu ya W-8BEN yotsimikiza kuti simuli wokhoma msonkho wa kumeneko. Posintha madolawo kukhala ndalama ya kwanu, pena pake padulidwanso.

Tiyerekeze, manambalawa ndangopeka kuti tione masamu. Pulogalamu ndi ya $20 pamwezi, inu akukupatsani 20 peresenti. Ndiye $4 pa munthu. Mwakopa anthu 10, ndi $40. Koma ongoyamba geni ambiri sapirira. Katundu akangochedwa kuyenda amayamba ndi kudula bilu ya pulogalamu, ndiye pakutha pa miyezi itatu mwina mwatsala ndi anayi. Phukusi limodzi likasowa panjira, wogula n'kubwezeredwa ndalama zake, komishoni ya miyezi ingapo yapita. Amene amapezadi zambiri ndi aja ali ndi anthu zikwizikwi owaonera pa YouTube, ndipo amenewo ntchito yawo yeniyeni ndi kuphunzitsa, osati kumanga mabokosi ngati ife. Komanso eni mapulogalamu amasintha. Alibaba inagula Vendio ndi Auctiva mu 2010. eBay inagula Terapeak mu 2017, kenako n'kuiika mu Seller Hub, tsamba lake la ogulitsa, kuti ogulitsa azigwiritsa ntchito osalipira padera. Chinthu chimene anthu akulipira lero chikhoza kukhala chaulere mawa, ndipo chaulere sichibala komishoni.

Musasokoneze zimenezi ndi eBay Partner Network, yomwe inayamba mu 2008. Imeneyo imalipira ukabweretsa ogula. Linki yanuyo ndi yobweretsa ogulitsa anzanu ku kampani ina yapadera.

Zoletsedwa n'zochepa koma zimapweteka. Kudzilembetsa nokha ndi imelo ina kuti mudye komishoni yanu yomwe, amakugwirani pa khadi lolipirira. Kuika linkiyo m'mafotokozedwe a katundu, kapena kuitumiza kwa anthu amene anakugulani, eBay siilola, ndipo akaunti imene mwaivutikira ikhoza kutsekedwa chifukwa cha $4. Za chinyengo chachikulu ndiye ena anamangidwa nazo: Shawn Hogan, amene anali pakati pa olandira komishoni yambiri ku eBay, ankaponya ma cookie m'makompyuta a anthu omwe sanadine linki iliyonse, ndipo mu 2014 analamulidwa kukakhala kundende miyezi isanu. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC limafunanso kuti wotamanda chinthu anene poyera ngati akulandirapo kanthu. Ine ngakhale popanda lamulo ndimanena ndithu: linki iyi ukalembetsa ndidyapo. Munthu akadzazitulukira yekha mochedwa, ngakhale malangizo ako abwino aja amayamba kuwakayikira.

Nkhani ya mnzanga ija inali motere. Kampani ina, dzina ndisatchule, inkapereka komishoni yonona kuposa onse. Ndinaiyesa milungu iwiri yokha, ndinaona zithunzi zikukwera bwino, basi linki n'kumutumizira. Iye amagulitsa makamera akale, chilichonse chimakhala chimodzi chokha. Pulogalamuyo inali ndi kabokosi kochongedwa kale kobwezera katundu pamsika, ndipo inabwezera kamera yomwe inali itagulidwa ndi kutumizidwa kale. Munthu wachiwiri anapambana okushoni n'kulipira. Mnzanga anadzuka m'mawa n'kupeza uthenga wofunsa nambala yolondolera phukusi, pomwe pashelefu panangotsala chikwama chake chopanda kanthu. Anabweza ndalama, koma kuthetsa malonda chifukwa choti katundu palibe kumalembedwa ngati cholakwa pa akaunti ya wogulitsa, ndipo wogulayo anasiyanso ndemanga yoipa. Atandiimbira sananyoze kampani. Anangoti, "Koma iwe unati ndi yabwino." Komishoni imene ndinapeza pa iye sinkakwana n'komwe kutumizira kamera imodzi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chiyambire pamenepo sindipereka linki ya pulogalamu yomwe sindinagulitsirepo miyezi itatu kapena inayi, ndipo ndimaiyesa pa zinthu zimene zimativuta ife odutsitsa katundu m'malire. Kodi ili ndi malo olembapo HS code, manambala 6 aja amene a kasitomu a dziko lililonse amazindikirira mtundu wa katundu? Kodi imadzaza bwino mafomu a kasitomu, CN22 ya timaphukusi tating'ono ndi CN23 ya akuluakulu? Kuyambira pa 1 July 2021 mayiko a European Union anachotsa mwayi woti katundu wosaposa €22 azilowa wopanda msonkho wa VAT, ndipo pa katundu wosaposa €150 eBay imatolera msonkhowo pogula pansi pa IOSS, dongosolo la EU lolipirira VAT phukusi lisanafike. Nambala ya IOSS ikapanda kufika kwa onyamula phukusi, wogula amalipitsidwa kachiwiri pakhomo pake, mkwiyo wonse n'kugwera inu. Ku Britain malire ake ndi £135 kuyambira January 2021. Ku America katundu wosaposa $800 ankalowa wopanda msonkho, koma zimenezo zinatha mu August 2025. Pulogalamu imene eni ake sakutsata zosintha zoterezi, ngakhale italonjeza theka la ndalama, ine ayi.

Kenanso kamodzi kokaonetsetsa. Pulogalamu yolongosoka imakutumizani patsamba la eBay lenileni kuti mukapereke chilolezo kumeneko, ndipo chilolezocho mukhoza kuchichotsa tsiku lililonse. Ikakupemphani kuti mulembe pasiwedi yanu ya eBay patsamba lake, tulukanimo, ndipo musatumizeko munthu.

Ndiye linki yanuyo isungeni kaye, siwola. Gulitsani nayo mpaka mutaona mmene imachitira katundu akabwezedwa komanso okushoni ikatha popanda wogula. Pakadali pano tsegulani tsamba la malamulo a komishoniyo mundijambulire ndime ya malire a ndalama ndi ya njira yolipirira, tidzaziwerengere limodzi.