Nkhunda ndi ya pakhomo, njiwa ndi ya kutchire

Mayi, mwafunsa kuti mwana wanu alembe chiyani poti aphunzitsi amuuza kuti amasulire mawu akuti pigeon m'Chichewa, nkhunda kapena njiwa. Alembe nkhunda. Ena muno ayankha kuti zonse n'chimodzimodzi, koma ine amene ndakula ndikuweta mbalamezi ku Chilomoni ndikukana.

N'zoona kuti ziwirizi ndi pachibale, moti ngakhale kamwedwe kake n'kofanana: zimaviika mlomo m'madzi n'kumayamwa osadzutsa mutu monga ichitira nkhuku. Koma nkhunda ili ndi mwini wake, ili ndi khola lake, lija timalimanga m'mwamba pa mitengo kuopa amphaka ndi agalu. Njiwa ilibe mwini. Ndi ija imalira m'mitengo ya ku Michiru m'mamawa, imene anyamata amaisaka ndi legeni kapena kuitchera ulimbo. Munthu akati wagula njiwa ziwiri zoti aziweta, anzake amufunsa kawiri.

Pali mawu achitatu amene ana a m'tauni ayamba kuwaiwala, ndipo zimandiwawa: maunda. Amenewa ndi ana a nkhunda asanayambe kuuluka. Nkhunda imaikira mazira awiri basi, yaimuna ndi yaikazi zimafungatira mosinthana kwa masiku ngati 18, ndipo zikaswa zonse ziwiri zimalavulira anawo chakudya chonga mkaka chochokera m'chithokomiro. Pakatha milungu inayi maunda amakhala atanona, nyama yake yofewa, ndipo agogo anga ankasungira amenewa mlendo wolemekezeka kapena wodwala amene wataya chilakolako cha chakudya. Tsegulani Buku Lopatulika pa Luka 2:24 muone nsembe imene makolo a Yesu anapereka ku kachisi, pakutchulidwa njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Omasulirawo ankadziwa kuti izi ndi mbalame zosiyana. Pa ubatizo wa Yesu napo, Mzimu anatsika ngati nkhunda.

Akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Banja likamangokhalira kulongolola, mudzaona khola layamba kuchepa, zasamukira kwa aneba. Wina anganene kuti chimazithamangitsa ndi phokoso chabe, kapena kuti anthu okangana amaiwala kuthira madeya ndi madzi. Kaya zili choncho, ine ndinaziona ndi maso kwathu chaka chimene makolo anga sankamvana, khola la nkhunda zoposa makumi awiri linatsala ndi zinayi. N'chifukwa chake mukamva munthu akunenedwa kuti ndi wofatsa ngati nkhunda, kapena kuti awiriwa amakondana ngati nkhunda, dziwani kuti mawuwo ndi olemera. Yaimuna ndi yaikazi zikatengana sizisiyana wamba.

Chinanso choti mwanayo asasokonezeke nacho: m'mabuku a zaulimi akapeza pigeon pea, asazunzike kufunafuna mbalame. Ameneyo ndi nandolo yemweyu, amene amalonda a ku Limbe amagula kwa alimi n'kutumiza ku India.

Ngati mwanayo angafune kuweta, mugulireni ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndipo muzitsekere m'khola milungu ingapo zisanatulutsidwe. Mukazimasula msanga zibwerera kumene munazigula, chifukwa nkhunda siiwala kwawo.