Akanakhala moyo akanafika pati? Za Hendrix, Cobain ndi anzawo aja

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amawerenga zomwe ndimalemba pano, akuti anakula akumvera matepi a rock a malume awo, nde akufunsa kuti: "Kodi Jimi Hendrix, Janis Joplin, Jim Morrison ndi Kurt Cobain, poti onse anafa ali ndi zaka 27, akanakhala kuti sanafe akanafika pati? Sakanawaposa onse omwe tikuwamvera lerowa?"

Achimwene, ine sindili mbali ya anthu omwe amangoti aaah onsewo akanakhala milungu ya nyimbo basi. Ena mwa iwo eya, ena ayi ndithu. Chomwe ndimayang'ana ine ndi zomwe munthu anali nazo m'manja pa nthawi yomwe imfa inamupeza, pamenepo mpomwe pali umboni, zinazi timangolota.

Ndiyambe ndi Hendrix poti nkhani yake ndi yomwe imandipweteka kwambiri. Anamwalira ku London pa 18 Seputembala 1970, ndipo kutchuka kwake konse komwe mukukudziwako ndi kwa zaka zinayi zokha, kuyambira 1966 pomwe Chas Chandler, yemwe anadzakhala manejala wake, anamutenga ku New York nkupita naye ku England. Koma taonani zomwe amapanga kumapetoku. Bandi yake ija ya Experience inali itasweka mu 1969, iye nkuyamba kuyimba ndi Billy Cox ndi Buddy Miles mu Band of Gypsys, komwe funk inali tho, osati zija zowotcha gitala pasiteji ngati ku Monterey mu 1967 kapena kuliza ndi mano, zimenezo anali atatopa nazo chifukwa anthu amabwera kudzaonera masewero osati kudzamvera. Ndalama zake amathira mu situdiyo yakeyake ku New York yotchedwa Electric Lady, poti munthuyu amatha kukhala usiku onse akubwereza kachidutswa kamodzi ka nyimbo nde ma situdiyo a eni amamudyera ndalama zoopsa. Situdiyoyo anaitsegulira mu Ogasiti 1970, patangotsala milungu yochepa kuti afe. Komanso panali dongosolo loti ajambule ndi Gil Evans, katakwe wa jazi yemwe amagwira ntchito ndi Miles Davis, moti Evans yo mu 1974 anadzatulutsa chimbale chonse choyimba nyimbo za Hendrix ndi gulu lake la malipenga, mwiniwake kulibe.

Nde ine ndimaona kuti Hendrix sakanakhala "mfumu ya rock" yomwe anthu amaiganizira ija. Akanalowera ku jazi ndi funk, nyimbo zazitali za mphindi khumi, ndipo omusapota ake ambiri akanamunyanyala nkumati wasokonekera. Mufune kudziwa zomwe zikanatuluka mu chipinda chimenecho, ndi mu Electric Lady momwemo momwe Stevie Wonder anajambulira nyimbo zake zina za 1972, D'Angelo nayenso anadzajambuliramo chimbale chake cha 2000. Tangoganizani mwini nyumbayo ali pompo akudutsadutsa ndi gitala.

Pali wina yemwe simunamutchule koma kwa ine ndi amene dziko linaluza kwambiri, Buddy Holly. Uyu sanafike ndi pa 27 pomwe, anafa ali ndi zaka 22 pa ngozi ya ndege ku Iowa pa 3 Febuluwale 1959, pamodzi ndi Ritchie Valens yemwe anali ndi zaka 17 zokha. Nthawi imeneyo oyimba ambiri, ndi Elvis yemwe, amachita kupatsidwa nyimbo ndi alembi ena, koma mnyamata wa magalasiyu amalemba zake, kuyimba yekha gitala, ndipo anali atasamukira ku New York, atayamba kujambula ndi ma vayolini komanso kujambula oyimba ena, Waylon Jennings nyimbo yake yoyamba anamujambulitsa ndi iyeyu. A Beatles dzina lawo la kachilombo lija anatengera ku bandi yake ya Crickets, ndipo Paul McCartney anadzagula umwini wa nyimbo zake. Analibe vuto la mankhwala, sanatope ndi moyo, inangokhala ndege basi. Uyu ndimakhulupilira kuti akanakhala bwana wamkulu kuseri kwa magalasi a situdiyo mpaka ukalamba.

Janis naye anafa zinthu zitangoyamba kumuyendera, pa 4 Okutobala 1970 ku Los Angeles, heroin. Anali atapeza bandi yomumvetsa koyamba, ndipo pa chimbale chake chomaliza cha Pearl pali nyimbo imodzi yopanda mawu, zida zokhazokha, chifukwa anafa asanalowe kukaikamo mawu ake, anzakewo anangoisiya choncho. Koma funso langa pa Janis ndi la kukhosi, mmene amakuwira muja kuphatikiza botolo lomwe silimachoka m'manja, kaya mawuwo akanafika 1980. Akanasiya zoledzeretsazo bwezi tikumumva mu blues kapena country, mofatsa.

Za Morrison sinditaya nthawi, pepani omukonda. Pomwe amafa ku Paris pa 3 Julayi 1971 anali atawasiya kale anzake a bandi yake ya Doors ku America, ali ndi mlandu wa ku Miami pamutu, mowa utamumaliza, mtima wake uli pa ndakatulo. Rock anali atatsanzikana nayo.

Cobain ndi wovuta kumuyankhira. Mukaonera konsati ija ya MTV Unplugged ya Novembala 1993, wakhala pampando, wavala juzi yakutha, makandulo ndi maluwa mbali zonse, nkutsekera ndi nyimbo yakale ya Lead Belly, mumaona kuti phokoso la bandi yake ya Nirvana linali litamukwana ndipo amalowera ku nyimbo zofatsa, panalinso zoti agwire ntchito ndi Michael Stipe wa R.E.M. Koma munthuyu amadwala, m'mimba mumamupweteka zaka ndi zaka, heroin, matenda a nkhawa, kutchukako amadana nako, mpaka anadzipha mu Epulo 1994. Kuti akhale moyo pamafunika achire kaye, ndipo mwina kuchirako kukanatanthauza kusiya kuyimba. Woyimba ng'oma wake Dave Grohl ndi amene anadzadzaza ma sitediyamu ndi Foo Fighters, Cobain sindimuona akufuna moyo umenewo olo pang'ono.

Apa mpomwe tiyenera kuyang'ana omwe sanafe msanga, chifukwa nawonso ndi yankho. Syd Barrett anayambitsa Pink Floyd, anali dolo ngati ena onsewa, anachoka mu 1968 mutu utasokonekera, nkutulutsa zimbale ziwiri payekha mu 1970, kenako nkudzakhala ku Cambridge mpaka kumwalira mu 2006 akujambula zithunzi ndi kulima maluwa, nyimbo zii. Akanafa mu 1968 bwezi lero mukundifunsa kuti akanafika pati. Eric Clapton anadzitsekera m'nyumba ndi heroin pafupifupi zaka zitatu nkubweranso mu 1974. A Rolling Stones anatulutsa chimbale chatsopano mu 2023 Mick Jagger ali ndi zaka 80, koma ku konsati anthu amakuwira nyimbo zakale zomwezija. Kwa aneba athu ku Zambia, komwe anyamata a m'ma 1970 anatengera gitala ya Hendrix nkupanga Zamrock, ambiri anatha ndi Edzi, koma Emmanuel "Jagari" Chanda wa bandi ya WITCH anatsala, anakhala zaka akukumba miyala yamtengo wapatali, kenako azungu anafukula ma rekodi ake akale nkuyambanso kuzungulira dziko, chimbale chatsopano mu 2023. Nde mukuona, kukhala moyo kumabwera ndi zonsezi, kuiwalika, zimbale zosakoma, kubweranso. Hendrix nayenso bwezi ali ndi zimbale zake zochititsa manyazi za m'ma 1980, za ng'oma za makina zija, kkk.

Ndipo za 27 zija musazitengere kumtima. Ofufuza ena analemba mu British Medical Journal mu 2011 kuti palibe chachilendo pa zaka 27, chomwe anapeza nchoti oyimba otchuka amafa kwambiri m'zaka za m'ma 20 ndi 30 poyerekeza ndi anthu wamba. Duane Allman anafa pa njinga yamoto ali ndi 24, palibe amamuyika mu kalabu iliyonse ngati mmene amaikira ofa ndi zaka 27 aja.

Mukafuna kudzimvera nokha komwe Hendrix amalowera, sakani First Rays of the New Rising Sun, anaisonkhanitsa mu 1997 kuchokera pa matepi omwe anasiya osamaliza. Mukamvera mudzandilembere, makamaka ngati simukugwirizana nane pa Morrison.