Abwana akundilembera usiku koma kalata ya ntchito palibe, ndisiye?

Mtsikana wina wa kuno ku Mangochi wanditumizira imelo, dzina sinditchula. Anamaliza kozi ya za mahotela, anapeza ntchito pa risepushoni pa loji ina kunyanja uku. Wagwira miyezi 7, kalata ya ntchito sanapatsidwe, malipiro amangogwa pa Airtel Money tsiku lomwe abwana akumbukira, akafunsa amuuza kuti ukadali pa probeshoni. Ndiye pano manijala wayamba kumulembera pa WhatsApp usiku, mwagona bwanji, bwerani ku ofesi mukaweruka tikambirane za kontrakiti yanu. Akufunsa kuti asiye kapena apirire.

Achemwali, musasiye kaye, komanso kupirira kongokhala duu ayi. Nkhani ziwirizi mukuziona ngati zosiyana koma ndi imodzi. Munthuyo akukugwirirani kalata dala kuti muziona ngati ntchito yanu ili m'thumba mwake, mukamukana basi mwapita.

Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act ija, limati olemba ntchito amene ali ndi antchito 5 kapena kuposa akuyenera kukupatsani zolembedwa pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito, zonena malipiro anu, maola, tchuthi ndi zina. Probeshoni nayo ili ndi malire, siyingapitirire miyezi 12, ndipo imayenera kukhala yogwirizana, osati abwana angoitulutsa mkamwa tsiku lomwe mwafunsa za ndalama. Choipa chake nchakuti pa probeshoni yeniyeni atha kukuchotsani popanda notisi, nchifukwa chake mawuwa amawakonda kwambiri anthu amenewa. Maola ndi 48 pa sabata, oposera apo ndi ovataimu, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira kunyanja nthawi ya Khrisimasi kapena kukabwera mawekishopu a ku Lilongwe, mumatsegula 6 koloko mmawa nkudzatseka alendo a ku bala atatopa okha.

Ndiye chitani izi. Pemphani kalatayo polemba, mwaulemu ndithu, ndipo ngati pali mwini loji kapena wa akaunti mumutumizirenso. Ma meseji a Airtel Money musafufute, ndiwo umboni woti mumagwira ntchito pamenepo. Gulani kope la ana asukulu muzilembamo nthawi yolowa ndi yotuluka tsiku lililonse.

Za ma meseji ausiku aja apa nditalikitseko. Atsikana ambiri amafufuta chifukwa cha manyazi kapena kuopa kuti chibwenzi chikaona chiyesa kuti pali kanthu. Ayi, jambulani sikirinishoti zonse zooneka tsiku ndi nambala, mutumize ku imelo yanu yomwe mwandilembera nayoyi poti foni imabedwa, imagwera m'madzi. Muyankheni kamodzi kokha, mwachidule, kuti bwana nkhani za ntchito tizikambirana nthawi ya ntchito, ma meseji ausiku sindikusangalala nawo. Osaikapo ka emoji koseka chonde, tili ndi chizolowezi ife akazi chokana uku tikumwetulira kuti munthu asakhumudwe, ndiye mawa adzanena kuti amkafuna yekha. Ku ofesi kwake mukaweruka musapite nokha. Zimene akuchitazi ndi mlandu pansi pa lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, Gender Equality Act ya 2013, chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka 5 kundende, ndipo sizidikira kuti akugwireni thupi, mawu okhawo ngati simukuwafuna akwana.

Kokadandaula kulipo. Za kalata ndi malipiro pitani ku ofesi ya leba pa boma, za manijalayo kuli Victim Support Unit ku polisi komanso a Malawi Human Rights Commission. Akakuchotsani chifukwa mwakana, muli ndi miyezi 3 yokha yokadandaula kwa a leba, musakhale pakhomo kulira mpaka nthawi idutse. Zikakanika pamenepo nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pa ntchito, Industrial Relations Court, koma kumeneko konzekani kudikira.

Ndikudziwa kunyumba akuuzani kuti mwana iwe pirira, ntchito ndi yosowa, anzako ali ndi madigiri akugulitsa kaunjika. Sakunama, ndipo mwina fizi ya mng'ono wanu ikuchokera pa risepushoni pomwepo. Komanso Mangochi ndi yaying'ono, nkhani ikayamba ku Makawa mmawa pofika masana akabaza a pa buliji aimva kale itasinthidwa. Nchifukwa chake musayambe ndi kufotokozera gulu lonse la kukhitchini, sankhani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, makamaka mayi amene wakhalitsa pamenepo, mwina simuli oyamba kulandira ma meseji otere.

Uku mukuchita zonsezi CV iziyenda mwakachetechete, maloji alipo ambiri kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Koma akayamba kukutsekerani chitseko kapena kukugwiragwira musadikirenso kalata, tulukani tsiku lomwelo mulunjike ku polisi, ndalama zanu zotsala mudzazitsata kudzera kwa a leba.