Funsani Amakaniko: Pikapu ya Otomatiki Ikamasakasaka Giya pa Chitunda

Makalata ambiri amene afika mwezi uno ndi a eni mapikapu a otomatiki, ndipo madandaulo ake ndi apachibale: galimoto ikusinthasintha magiya yokha, dizilo akutha msanga. Tasankhapo anayi.

FUNSO: Ndili ndi pikapu ya dizilo ya 2.4, ya magiya 6. Ndimatenga chimanga ku Nyimba kudzagulitsa ku msika wa Soweto ku Lusaka. Ndikangowoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera, galimoto imatsitsa giya, kukweza, kutsitsanso, mwina kanayi pa kilomita imodzi. Mafutanso akupita ngati thanki yabooka. Makaniko wina akuti giyabokosi yatha, tiitsitse. Ndivomere?
Bambo wamalonda, Mtendere

YANKHO: Musavomere msanga, bambo. Zimene mwafotokozazi amakaniko amati hunting, kutanthauza kusakasaka giya, ndipo nthawi zambiri giyabokosi imakhala ilibe mlandu. Injini ndiyo imakhala ilibe mphamvu zotsala zoti ikoke katunduyo ili mu giya yapamwamba.

Kompyuta ya giyabokosi imasankha giya poyang'ana makamaka zinthu ziwiri: liwiro la galimoto ndi mmene phazi lanu lapondera moto. Anaikonza kuti izithamangira giya yapamwamba pofuna kusunga mafuta. Titenge chitsanzo cha giyabokosi ya magiya 6 imene ili mu Hilux za kuyambira 2015. Mu giya 4 shafuti yotuluka imazungulira mofanana ndi injini, 1.000. Giya 5 ndi 0.687, giya 6 ndi 0.580. Ndiye ngati pa liwiro linalake injini ikuzungulira ka 1,400 pa mphindi mu giya 6, pa liwiro lomwelo mu giya 5 izungulira pafupifupi ka 1,650, mu giya 4 ka 2,400. Pomwe injini ya 2.4 ya galimoto zimenezi imapereka mphamvu yake yonse yokokera, 400 Nm, pakati pa 1,600 ndi 2,000. Pa 1,400 turbo imakhala isanadzuke bwinobwino.

Pa zitunda za Manenekela, zimene mumakwera mukawoloka Luangwa, nkhani imayenda chonchi. Mu giya 6 liwiro likugwa, inu mwawonjezera moto, kompyuta yatsitsa kupita ku 5 kapena 4. Galimoto yapeza mphamvu, yayamba kuthamanga, inu mwafewetsa phazi. Kompyuta yaona ngati chitunda chatha, yakwezanso giya. Masekondi 10 asanakwane mwabwerera pomwe munayambira.

Dizilo wanu akuthera m'kusinthasinthako. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali torque converter, imene imapatsira mphamvu kudzera m'mafuta, ndipo mkati mwake muli kalachi yotchedwa lock-up. Kalachi imeneyi ikagwira, injini ndi giyabokosi zimazungulira ngati chinthu chimodzi, palibe chotayika. Koma pa magalimoto ambiri imamasuka nthawi iliyonse imene giya ikutsika mwamphamvu, ndipo mphamvu imene ikuterereka pamenepo imasanduka kutentha. Mafuta a giyabokosi amasangalala pa madigiri 80 mpaka 95. Akamakhalitsa kupitirira 120 amapsa, amada, ndipo makalachi amkati amayamba kudyeka. Choncho giyabokosi yanu mwina ndi yabwino lero, koma mukapitiriza kukwera motere ulendo uliwonse, mawu a makaniko uja adzapherezera.

Mankhwala oyamba ndi aulere. Musanafike pa chitunda, kankhirani ndodo ya giya ku S n'kusankha S4, kapena S5 ngati chitunda ndi chofatsa. Pa Toyota nambalayo ndi malire: S4 ndiye kuti galimoto isinthe yokha kuyambira 1 mpaka 4, isapitirire. Pa mapikapu akale a magiya 4, dinani batani la O/D OFF kapena ikani ndodo pa 3. Amene galimoto zawo zili ndi Tow/Haul ayatse imeneyo akanyamula katundu kapena akamakoka ngolo. Kenako sungani muvi wa ma rev (kuzungulira kwa injini pa mphindi) pakati pa 2,000 ndi 2,500, phazi likhazikike malo amodzi, ndipo lolani liwiro litsike kufika 70 kapena 60 ngati chitunda chafuna choncho. Cruise control zimitsani, chifukwa imalimbana ndi phiri kuti isunge liwiro ndipo ndiyo imayambitsa kusakasakako. Mukafika posalala bwererani ku D.

Ambiri akamva injini ikulira pa 2,400 mtima umawawa, amati ikumwa. Pamsewu wosalala wopanda katundu n'zoona kuti ma rev otsika amasunga mafuta. Pachitunda ayi. Giya 4 yogwira bwino, phazi lili theka, lock-up itatseka, siwononga dizilo kuposa giya 6 imene mwaipondera mpaka pansi n'kumamasukamasuka.

Tinene za katunduyo, popeza simunatiuze kuchuluka kwake. Matumba 15 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 750. Muwonjezepo inu, wothandizira, ndi zitsulo za kumbuyo, mwafika kale pa malire a ma double cab ambiri, amene amanyamula pafupifupi tani imodzi kuwerengera ndi anthu omwe. Matumba 25 ndi kupha galimoto. Nambala ya GVM, kulemera konse kololedwa kwa galimoto pamodzi ndi katundu wake, yalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka pa mphuthu ya chitseko, ndipo sikelo ya pamsewu ikuuzani zoona.

Ngati kusakasaka kwayamba posachedwa, katundu ndi msewu zili zomwezo, ganizirani injini kuti yafooka. Injini yofooka imakukakamizani kuponda kwambiri, ndipo kompyuta imamva ngati mukupempha giya yotsika. Yambani ndi fyuluta ya mpweya, makamaka miyezi ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala. Bwerani ku fyuluta ya dizilo ndi madzi amene amasonkhana pansi pake. Onani mapaipi a intercooler, choziziritsira mpweya wochokera ku turbo: pamene pang'ambika pamakhala chizindikiro cha mafuta akuda onyowa, ndipo mumamva kamluzu mukaponda moto. Sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, itsukidwe ndi mankhwala ake enieni, osati petulo kapena kansalu. Mwaye wa mu EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, nawo umatsamwitsa injini. Pomaliza, mukayenda makilomita 10 osaponda mabuleki kwambiri, yandikizani dzanja pa limu lililonse. Limene latentha kuposa anzake lili ndi buleki yogwira.

Zonsezi zikatheka, yesani galimoto yopanda katundu pamalo osalala, monga cha ku Chisamba, pa liwiro lokhazikika la 80. Ikakhala phee mu giya imodzi, giyabokosi isiyeni pomwe ili.

FUNSO: Ndinachotsa matayala a 265/65R17 n'kuika a 285/70R17 a mano akuluakulu chifukwa cha matope a njira ya ku famu. Kuchokera pamenepo ndikupeza makilomita 8 pa lita m'malo mwa 10, ndipo giya 6 sikhalitsa ngakhale ndilibe katundu. Kodi matayala okha angachite zimenezi?
Mayi mlimi, Chongwe

YANKHO: Angathe, mayi, ndipo masamu ake ndi awa. Tayala la 265/65R17 ndi lotalika mamilimita 776. La 285/70R17 ndi 831. Kusiyana kwake ndi 7 peresenti.

Choyamba, mita yanu ya makilomita tsopano ikunama. Imawerenga kuzungulira kwa mawilo, ndiye ikalemba 100 inu mwayenda 107. Makilomita 8 pa lita amene mukupezawo kwenikweni ndi 8.6. Muvi wa liwiro nawonso ukuonetsa zochepa ndi mlingo womwewo, ndipo apolisi a kamera pa Great East Road sadzamva za matayala.

Kuchokera pa 8.6 kufika pa 10, amenewo ndi mafuta otayikadi. Tayala lalitali lili ngati mwakweza magiya onse: mphamvu yokankha pansi yatsika ndi 7 peresenti, ma rev mu giya 6 agwera pamene injini ilibe nyonga, ndiye kachitunda kakang'ono kapena mphepo ya kutsogolo ikukwanira kutsitsa giya. Matayala a matope ndi olemeranso, ndipo mano ake amakanirira pa tala.

Ife tikanasankha kubwerera ku saizi yoyamba koma ya all-terrain, imene imagwira bwino m'matope wamba. Ngati mukufunadi galimoto ikwereko, 265/70R17 ndi mamilimita 803, kusiyana kwa 3.4 peresenti yokha. Njira ina ndi kusintha magiya a mu difu, koma pa 4x4 muyenera kusintha kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ndalama zake n'zambiri. Pakali pano yendani mu S5 pa liwiro la 80 mpaka 90, pimani mpweya m'mawa matayala asanatenthe, ndipo mukatuluka m'matope onetsetsani kuti mwachotsa 4H, yokokera ndi mawilo onse anayi.

Popima mafuta musadalire nambala ya pa dashibodi. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip pa 0, yendani masiku angapo, n'kudzazanso pa pampu yomweyo. Mwachitsanzo, makilomita 480 pa malita 52 ndi 9.2 pa lita. Chitani katatu musanagamule, ndipo musayerekeze sabata ya mumzinda ndi ulendo wa ku Chipata. Galimoto yoima pa mzere wa mu Lumumba Road imamwa osayenda. Liwiro nalo lili ndi mtengo: mphepo imene galimoto imalimbana nayo pa 120 imaposa ya pa 100 ndi 44 peresenti.

FUNSO: Galimoto yanga yayenda makilomita 190,000. Pa liwiro la 60 mpaka 80, phazi lili pang'ono pa moto, imanjenjemera ngati ndaponda timabampu tochenjeza tija, ndipo muvi wa ma rev umakwera n'kutsika pang'ono giya isanasinthe. Mafuta a giyabokosi sanasinthidwepo, anandiuza kuti ndi a moyo wonse.
Woyendetsa galimoto, Kanyama

YANKHO: Achimwene, vuto lanu lasiyana ndi la anzanu awiriwa, ndipo musalichedwetse. Zizindikirozi zikuloza ku kalachi ya lock-up imene ikugwira n'kutaya. Mutha kutsimikiza nokha: kunjenjemera kukayamba, wonjezerani moto pang'ono kapena chotsani phazi. Kukasiya nthawi yomweyo, ndi lock-up. Kukapitirira pa liwiro lomwelo, kaya mwaponda kaya ayi, yang'anani matayala ndi ma universal joint a propshaft, shafuti yaitali yopititsa mphamvu ku mawilo.

Pitani kwa makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya giyabokosi, osati ongofufuta nyali ya check engine. Akwere nanu n'kumaona manambala galimoto ikuyenda. Lock-up ikatseka, ma rev a injini ndi a shafuti yolowa mu giyabokosi ayenera kukhala pafupifupi ofanana. Akamatalikirana ndi 100 kapena 200 n'kubwererana, ikuterereka. Khodi ya P0741 imanena za kalachi yomweyo. P0715 ndi P0720 ndi za masensa a liwiro lolowa ndi lotuluka, ndipo sensa yonama imasinthitsa magiya mwachisawawa ngakhale zitsulo zili bwino. Pa giyabokosi ya 6R80 ya Ford Ranger masensa amenewa ali pa chipangizo chimodzi chotchedwa lead frame, chimene chimasinthidwa potsegula pani yapansi, giyabokosi osaitsitsa.

Za mafuta a moyo wonse, ife sitivomereza pa galimoto yonyamula katundu m'kutentha kwa kuno. Timalangiza kusintha pa makilomita 60,000 mpaka 80,000 aliwonse. Dontheza pang'ono pa pepala loyera. Ofiira kapena ofiirira ndi amoyo. Akuda onunkha chopserera atha ntchito. Ooneka ngati mkaka wosakaniza ndi jusi ndiye kuti madzi a rediyeta alowa kudzera pa choziziritsira, ndipo galimoto isayendenso mpaka chikonzedwe. Mukatsegula pani, phala lotuwa pa maginito n'lachibadwa, koma tizidutswa tonyezimira kapena makoko akuda ndi uthenga woti zamkati zadyeka.

Pa makilomita 190,000 musalole kutsuka ndi makina a mphamvu. Khuthulani, sinthani fyuluta, thirani atsopano. Giyabokosi yonse imasunga malita pafupifupi 10, koma pokhuthula mumatuluka 3 kapena 4 okha, ndiye bwerezani kawiri kapena katatu, mukusiya makilomita mazana angapo pakati. Mtundu wa mafuta si wongoganizira: Hilux ya magiya 6 imafuna Toyota ATF WS, 6R80 imafuna Mercon LV, ya magiya 10 ya Ranger imafuna Mercon ULV. Gulani botolo lomata bwino, osati opungulidwa m'chigubu. Mulingo umapimidwa injini ikulira, galimoto ili pamalo olingana, pa kutentha kumene buku lanena: pa Toyota ndi cha m'ma 40, pa 6R80 cha m'ma 80. Wopima pa kutentha kolakwika amasiya mafuta operewera kapena osefukira, ndipo zonse ziwiri zimabweretsa kuterereka. Kunjenjemera kukatsalabe mafuta atasinthidwa, chotsatira ndi solenoid, kavalavu ka magetsi koyendetsa lock-up, kenako torque converter yeniyeniyo.

FUNSO: Potsika mapiri a ku Chirundu ndimaika ndodo pa N kuti ndisunge dizilo. Mnzanga akuti ndikulakwitsa.
Mnyamata woyendetsa, Chawama

YANKHO: Mnzanuyo mumugwire dzanja, ndipo khalidweli mulisiye lero. Injini za masiku ano zimadula dizilo yense mukachotsa phazi galimoto ili mu giya ndipo ma rev ali pamwamba, chifukwa mawilo ndiwo amazungulitsa injini. Mukaika pa N injini imafunika dizilo woti isazime, ndiye mwawononga m'malo mosunga. Choopsa kwambiri ndi mabuleki. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, Chirundu ili m'chigwa cha Zambezi cha m'ma 400, ndipo kutsika konseko mwakusenzetsa mabuleki okha. Akatentha, pedulo imafewa pa kona pomwe mukuifunitsitsa. Tsikani mu S3, kapena S2 ngati mwalemedwa, pondani buleki mwamphamvu kwa masekondi ochepa n'kuisiya izizire. Pa maroboti a m'tauni khalani mu D phazi lili pa buleki. Mzere ukaima kupitirira mphindi ziwiri, ikani pa P, kokani handibuleki, zimitsani injini.