Kodi "nkhokwe yaubale" n'Chichewa cholondola?

Funso: Ndimaphunzitsa za makompyuta ndipo ndikulembera ophunzira anga timanotsi m'Chichewa. Database, pulogalamu yosunga zolembedwa mwadongosolo pa kompyuta, ndaitcha "nkhokwe". Relational database ndaitcha "nkhokwe yaubale", pomwe non-relational database ndaitcha "nkhokwe yopanda ubale". Kodi ndalondola? Nanga timati database iyi kapena ili?

Yankho: Aphunzitsi, liwu loti nkhokwe lisiyeni, lagwira bwino. Pakhota ndi pa "ubale". Edgar Codd wa kampani ya IBM atafotokoza njira imeneyi mu 1970, liwu loti relation analitenga ku masamu, ndipo limanena za tebulo lenilenilo, la mizere ndi magawo. Mu nkhokwe zamtunduwu, monga MySQL kapena PostgreSQL, mumayamba mwakhazikitsa magawo, monga dzina, kalasi ndi chaka chobadwa, ndipo mwana aliyense amalembedwa pa mzere wake motsata magawowo. Malikisi amakhala pa tebulo lina, matebulo awiriwo n'kulumikizana kudzera pa nambala ya mwanayo. Choncho ingotini "nkhokwe ya matebulo".

Koma "yopanda ubale" ndiye ingawasokeretse ana zedi. Nkhokwe yotchedwa Neo4j ili m'gulu lomwelo, chonsecho ntchito yake yaikulu n'kusunga maubale: uyu amadziwana ndi uje, uje anatumiza ndalama kwa uyu. MongoDB, yomwe inatuluka mu 2009, imasunga zonse za mwana mmodzi m'chikalata chimodzi, malikisi omwe, ndipo chikalata china chitha kukhala ndi gawo lomwe chinzake chilibe. Redis imalumikiza dzina ndi chinthu chake basi, ndipo imathamanga chifukwa imasunga zinthu mu memory, malo osungirako zinthu kwakanthawi omwe kompyuta imawawerenga mwachangu. Cassandra inayambira ku Facebook, komwe zosunga zinachuluka moti zinafunika kumwazidwa pa makompyuta ambirimbiri.

Poyamba mungaganize zoti "yopanda matebulo", koma Cassandra nayo ili ndi matebulo ake, kungoti salumikizana monga a MySQL. Ine ndingalembe "nkhokwe ya NoSQL", dzina la nkhokwe za m'gulu limeneli lomwe anawo akalipeze ku ntchito, kenako n'kufotokoza mtundu uliwonse paokha. Muwauzenso kuti ufulu wa magawowo uli ndi mtengo wake: ntchito yoonetsetsa kuti zolembedwa sizikutsutsana nthawi zambiri imagwera wolemba pulogalamu.

Za iyi ndi ili, tsatirani kompyuta. Timati kompyuta iyi, makompyuta awa. Ndiye database iyi yadzaza, madatabase awa adzaza. Mukasankha nkhokwe, zikakhala zambiri timati nkhokwe izi, osati "mankhokwe".