Funsani Anamwino: BP mwa mwana wa zaka 5?

Funso: Anamwino, mdzukulu wanga wa zaka 5 amupeza ndi BP yokwera kukiliniki kuno ku Mufakose. Masiku ano akumadzuka zikope zitatupa, mkodzo wake uli bii ngati tiyi wopanda mkaka. BP si matenda a ife okalamba kodi? Ndizimubenthulirako piritsi langa?
Agogo a ku Mufakose, Harare

Yankho: Agogo, piritsi lanulo musamupatse ngakhale kachibenthu. Mwa inu ndi ine BP imabwera ndi ukalamba, mchere ndi mtundu. Mwa mwana wamng'ono chonchi nthawi zambiri pamakhala matenda ena amene akuikweza, ndipo oyamba kuwaganizira ndi a impso.

Zikope zotupa ndi mkodzo wakudawo zandiimitsa mutu. Ndikufunseni: mwezi wathawu sanadwale zilonda zapakhosi, kapena mphere zomwe anakanda mpaka kuchita mafinya? Kachilombo ka streptococcus kamene kamalowa pazilonda zoterezi kamatha kuchititsa impso kutupa, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ngati zinali zapakhosi, mpaka masabata 6 ngati zinali zapakhungu. Impso zikatupa zimasunga madzi ndi mchere, magazi n'kuyamba kuthamanga. Ana ambiri amachira bwinobwino, koma ayenera kuonedwa ndi dokotala msanga, osati kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Ngati munapita naye kumudzi ku Malawi n'kukasamba m'nyanja, nenaninso, ayeze likodzo.

Zilipo zifukwa zina zokweza BP mwa mwana: mtsempha waukulu wochoka mumtima kukhala wopanikizika chibadwire (n'chifukwa chake dokotala amayeza BP pamkono ndi pamwendo), kubadwa masiku asanakwane, mankhwala a prednisolone, kunenepa kwambiri, ngakhale kuliza nkonono usiku uliwonse.

Chimodzi chomwe ine sindinyengerera ndi lamba wa makina oyezera. Akakhala wamng'ono pamkono, nambala imakwera mwabodza, ndipo wa akuluakulu sakwanira bwino pakamkono ka mwana. Mwana ayezedwe atakhala phee kwa mphindi 5, osati akulira. Nambala yake amaiyerekeza ndi zaka komanso kutalika kwake, si 140/90 ija mumaidziwa inu.

Mawa m'mamawa bwererani naye kukiliniki, ayeze mkodzo, mupemphe kalata yopitira kuchipatala chachikulu monga Sally Mugabe kapena Parirenyatwa, komwe angayeze magazi ndi kujambula impso. Pakadali pano mchere muchepetse m'ndiwo zake, machipisi ndi supu wa m'mapaketi ayambe wasiya. Akayamba kudandaula mutu kwambiri, kusanza, kuona mwachimbuuzi, kupuma movutikira, kukodza pang'ono kapena kukomoka, musadikire kuti kuche, pezani galimoto usiku womwewo.